Filimu ya ku Ireland ndi Sewero la a Msowoya

A Suzgo Msowoya ndinawadziwira ku mapemphero a Amalawi amene tinkachita kamodzi pamwezi mu Birmingham. Munali mu 1990. Ine ndine Mabel, ndipo nthawi imeneyo ndinali namwino pa chipatala chachikulu cha ku Walsgrave, ku Coventry. Iwo ankagwira ntchito mu labu ku Dudley, kuyeza magazi ndi masampulo ena, kwinaku akumalizitsa maphunziro. Anali munthu wamtali, wowonda, wa mawu ochepa. Akafika ku mapemphero ankasankha mpando wa pafupi ndi khomo. Anthu akangoyamba kukamba za ndale za kumudzi, iwo ankanyamuka n'kukatsuka makapu kukhitchini.

Zaka zimenezo tonse tinali amantha, chifukwa mawu onenedwa ku England ankatha kukafika ku Malawi mwiniwake asanafike. Koma mantha awo anali ndi pochokera. Kwawo kunali ku Rumphi, koma ankaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Dedza. Kumeneko ndi kumene anakwatira Enifa, namwino wa komweko, amene lero ndi mnzanga wapamtima. Pasukulupo a Msowoya ankayang'aniranso gulu la masewero. Ankalemba okha, ana n'kumasewera, anthu a m'deralo n'kumadzaza holo. Ndiye chaka china mphunzitsi mnzawo wa sukulu yoyandikana anatengedwa ndi galimoto ya boma chifukwa cha mawu amene mwana wina ananena pa siteji. Sanaonekenso kuntchito. A Msowoya anatola masewero awo onse n'kuwatentha kuseri kwa nyumba, ndipo gulu lija analisiyira mphunzitsi wina.

Mu 1989, aphunzitsi ochokera kumpoto atauzidwa kuti abwerere kuchigawo chawo, iwo anapita okha. Enifa anatsala ku Dedza chifukwa cha ntchito, ali ndi mwana wakhanda, Favour. Chaka chisanathe, ampingo anawapezera a Msowoya malo a maphunziro ku England. Anagwirizana kuti bambo atsogole, mayi ndi mwana atsatire pasipoti ikatuluka. Pasipoti ija sinkatuluka. Enifa akapita kukafunsa, ankangomuuza kuti abwerenso mwezi wamawa.

Ku Birmingham a Msowoya ankachita lendi chipinda cham'mwamba m'nyumba ya mayi wina wachikulire ku Sparkhill. Dzina lawo linali Mayi Helen. Anabadwira ku Dublin, m'dziko la Ireland, ndipo anabwera ku England ali mtsikana kudzagwira ntchito m'fakitale. Amuna awo anali atamwalira, ana atabalalika. Dzina loti Msowoya linkawavuta, choncho ankangoti Mista Suzgo. Awiriwa ankalemekezana koma sankacheza kwenikweni. A Msowoya ankadzuka m'mamawa, kukwera mabasi awiri kupita ku Dudley, kubwerako, kuphika kachakudya kawo, n'kukadzitsekera.

Loweruka lina masana, mu Epulo 1992, kunja kukugwa kamvula kosalekeza, Mayi Helen anagogoda pachitseko chawo.

"Mista Suzgo, tsikani mudzaone kwathu," anatero m'Chingerezi. "Aika filimu yakale pa TV. Tiyi ndathira kale."

A Msowoya anatsika chifukwa cha ulemu basi. Filimuyo inali ya moyo wa munthu wina wa ku Ireland wolemba masewero, kuyambira ali mnyamata wosadziwika. Ankakumba misewu ndi fosholo, akaweruka n'kumawerenga mabuku obwereka m'kachipinda kozizira komwe ankakhala ndi mayi ake. Asilikali ankayendayenda m'misewu ya mumzindawo, anthu akumenyedwa. Mayi ake anamwalira. Iye analemba sewero, analikana, analembanso lina. Kenako sewero lake lina litaonetsedwa, anthu a kwawo omwe anaimirira m'holo n'kuyamba kumukuwiza, ena kukwera pa siteji, mpaka apolisi kubwera. Kumapeto mnyamata uja anakwera sitima ya pamadzi n'kuchoka m'dziko lake, mtsikana amene ankamukonda n'kutsala.

"Bambo anga ankamuda munthu ameneyu," anatero Mayi Helen filimu itatha.

"Anawalakwira chiyani?" anafunsa a Msowoya.

"Ankati akutichititsa manyazi. Anatiika pa siteji mmene tinalili, ena oledzera, ena amantha, amayi akulira ana awo. Ife tinkafuna ationetse ngati ngwazi tonse."

"Nanga inuyo mumati bwanji?"

"Ine ndimati ananena zoona." Mayi Helen anatola makapu. "Koma mwamuona, wakwera sitima yekha. Anthu otere amanena zoona, ozunzika n'kukhala amene awasiya kumbuyo."

A Msowoya anadzandiuza pambuyo pake kuti anakwera masitepe akuganizira za filimu ija. Zinthu ziwiri zinawakanirira m'mutu. Choyamba, munthu wa fosholo, wopanda sukulu, analimba mtima n'kulemba, pamene iwo, munthu wa madigiri, anatentha zolemba zawo wina asanawafunse n'komwe. Chachiwiri chinali mawu a Mayi Helen aja. Koma mwezi wapitawo maepiskopi a kumudzi anali atayankhula poyera zodzudzula boma, ndipo nkhani zinkamveka zoti anthu ayamba kutsegula pakamwa. A Msowoya anagwira choyamba chija, chachiwiri n'kuchikankhira pambali. Tsiku lomwelo anayamba kulemba.

Chaka chilichonse mu Julayi tinkasonkhana kukumbukira tsiku la ufulu wa dziko lathu. Chaka chimenecho wotsogolera zokonzekera anali Justus, mnyamata wophunzira za uinjiniya pa yunivesite. Titamaliza mapemphero a mu Meyi, Justus anafunsa ngati pali wina ali ndi chosangalatsa anthu kupatula kwaya ndi magule a ana.

"Ine ndili ndi kasewero," anatero a Msowoya ali chiimire pakhomo la kukhitchini, thaulo lili m'manja.

Tonse tinatembenuka. Ena anaseka poganiza kuti akuchita nthabwala.

Sewerolo linali la basi. Dalaivala wake ndi nkhalamba imene yayendetsa basiyo kwa zaka zambiri ndipo maso sakuonanso bwino, koma siifuna kusiyira wina chiwongolero. Kondakitala amagulitsa makhadi kwa aliyense, ngakhale mwana amene ali m'mimba. Amayi a kumbuyo amalamulidwa kuimba nyimbo zotamanda dalaivala basi ikamagwera m'maenje. Aliyense wonena kuti msewu si umenewu amamutsitsa pathengo, otsala n'kumayang'ana pawindo ngati sanaone kanthu. M'seweromo munalibe dzina la munthu kapena la dziko, komabe palibe Mmalawi amene akanafunsa tanthauzo lake.

Tinkakonzekera kunyumba kwanga ku Coventry, Lamulungu masana. M'seweromo ine ndinali mayi woyembekezera, Justus anali dalaivala. Ukondakitala aliyense anaukana, ndiye a Msowoya anautenga okha. Akafika ankayamba ndi kutseka makatani. Koma akangoyamba kutiphunzitsa ankasanduka munthu wina. Ankakwera pampando, kusintha mawu, kutionetsa mmene munthu wamantha amasekera. Tikamaliza, mantha aja ankabwerera. Kangapo konse anandiimbira foni kuntchito.

"Asisi, ndaganiza kuti tingozisiya. Auzeni anzathu aja."

"Chachitika n'chiyani, achimwene?"

"Palibe. Kungoti mtima sukukhazikika."

Mawa lake ankaimbanso kuti tipitirize. Tsiku lina ndinawafunsa ngati akazi awo akudziwa.

"Ndiwauze bwanji?" anatero. "Makalata amatsegulidwa, mafoni amamvetseredwa. Tikamayankhula timangokamba za mvula ndi mano a mwana."

Enifa analibe foni ku Dedza. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse ankakwera basi kupita ku Lilongwe, kwa mchimwene wake Levison, amene ankagwira ntchito m'boma, n'kukadikirira foni ya mwamuna wake kumeneko.

A Msowoya anapempha zinthu ziwiri: dzina lawo lisalembedwe pa pulogalamu, ndipo pasakhale wojambula. Justus analonjeza kuti alengeza.

Tsikulo holo ya tchalitchi ina ku Coventry inadzaza. Kunabwera anthu a ku Nuneaton, a ku Dudley, a ku Wolverhampton, ndi anzathu a ku Zambia amene sankaphonya zochitika zathu. Ana ankathamangathamanga, makolo akuwakalipira m'Chichewa, iwo n'kumayankha m'Chingerezi. Kwaya inaimba, atsikana anavina. Kenako tinandanda mipando pa siteji ngati ya m'basi, Justus n'kulowa atadzola ufa kumutu.

Poyamba m'holo munangoti zii. Anthu ankayang'anana m'mbali kuti aone amene ayambe kuseka. Anayamba ndi a ku Zambia, amene kwawo anali atasintha kale boma chaka chapitacho. Pamene kondakitala anagwada n'kuyamba kuyankhula ndi mimba yanga, kuuza mwana wosabadwayo kuti aonetse khadi, mayi wina wa kutsogolo analephera kupirira, ndipo holo yonse inamutsatira. Si onse amene anaseka. Bambo wina wachikulire anaimirira.

"Izi si zoonetsa pa tsiku la ufulu," anatero. "Ena a ife tili ndi ana kumudzi."

Anatenga banja lake n'kutuluka, mabanja ena angapo n'kutsatira.

Ndi nthawi imeneyo pamene ndinaona a Msowoya atauma pakati pa siteji, mawu atawathawa. Ndinayang'ana kumene ankayang'ana. Kumbuyo kwa holo kunali kagetsi kofiira. A Wallace, akauntanti wa ku Nuneaton, anali atanyamula kamera ya vidiyo paphewa. Munthu ameneyu ankapitapita kumudzi popanda vuto, ndipo chifukwa cha zimenezo anthu ankamunong'ona kuti ndi kazitape. Ndinawanong'oneza a Msowoya mawu awo. Anapitiriza mpaka kumapeto.

Anthu akuomba m'manja, iwo anatsika n'kulunjika kumbuyo.

"Achimwene, tinapempha kuti pasakhale kamera."

"Ndinafika mochedwa, sindinamve," anayankha a Wallace akumwetulira. "Ndimajambula mwana wanga akuvina. Zinazi ndangopitiriza chifukwa zimakoma. Musadandaule, ndikafufuta."

"Bwanji mungondipatsa tepiyo?"

"Muli gule wa mwana, achimwene. Ndikafufuta ndithu."

A Msowoya sanadye kanthu tsiku limenelo. Anthu ankabwera kudzawagwira chanza, iwo maso ali pa chikwama cha a Wallace.

Lamulungu loyamba la Ogasiti anaimba foni ku Lilongwe, Enifa n'kuyankha. Zonse zinali bwino, Favour anali atayamba kuimba nyimbo za ku Sande sukulu. A Msowoya anapumako pang'ono. Mu Seputembala amene anayankha anali a Levison.

"Alamu, mlongo wanga sanabwere."

"Akudwala?"

"Ali kwa amayi kumudzi."

"Nanga ntchito? Nanga mwana? Alamu, chachitika n'chiyani?"

"Musaimbenso pano kaye," anatero a Levison, n'kudula.

A Msowoya anaimbanso, foni inangolira. Anaimba ku chipatala chimene Enifa ankagwira. Amene anayankha, atangomva dzinalo, anati kulibe munthu woteroyo.

Masabata otsatira a Msowoya anatha thupi. Kuntchito ankawerenga dzina la pa botolo limodzi kambirimbiri, osakhulupirira maso awo, mpaka bwana wawo anawafunsa ngati akufuna tchuthi. Tsiku lina anakwera basi yolakwika n'kudzazindikira ali ku Walsall. Mayi Helen ankapeza chakudya chawo chitauma m'poto, chosakhudzidwa. A Msowoya anabwera kwanga Loweruka lina ndevu zosameta.

"Asisi, ndiperekezeni ku Nuneaton. Ndikapita ndekha sindikudziwa chimene ndikachite."

Tinawapeza a Wallace akutsuka galimoto. Atationa anasiya paipi ikutuluka madzi. Kumwetulira kuja kunalibe. Tinalowa m'nyumba, akazi awo n'kutenga ana kupita nawo m'mwamba.

"Tepi ija ili kuti?" anafunsa a Msowoya.

A Wallace anayang'ana pansi. "Inapita kumudzi."

Anafotokoza kuti msuweni wawo ankabwerera ku Blantyre sabata yotsatira chikondwerero chija, ndipo anamupatsira tepiyo kuti agogo akaone mdzukulu wawo akuvina. Kufufuta anayesa, koma anaopa kuwononga gule wa mwana, ndiye anangomuuza msuweniyo kuti akaonetse koyambirira kokha. Msuweni uja anaonera yonse, anabwereka mnzake, mnzakeyo n'kukopera ina. Tsopano ankamva kuti ikuonetsedwa m'nyumba za anthu, zitseko zitatsekedwa.

"Msuweni wangayo anamutenga mwezi watha," anatero a Wallace. "Mpaka pano sitikudziwa kumene ali. Inenso sindikugona, achimwene. Ndikudziwa zimene anthu amanena za ine. Koma ndikanakhala kazitape, akanatenga m'bale wanga?"

A Msowoya anapempha madzi n'kumwa, kenako tinanyamuka. Zoti a Wallace anali kazitape palibe amene anazitsimikiza. Ine ndimakhulupirira kuti kunali kusasamala chabe. Msuweni wawo anadzatuluka chaka chotsatira.

Pobwerera m'sitima a Msowoya anati akagula tikiti ya ndege Lolemba.

"Mukatsika ndege akakutengerani pomwepo," ndinawauza. "Nkhope yanu ili pa tepi. Ndiye Enifa mwamuthandiza chiyani?"

"Ndiye ndizingokhala? Ndizingoyeza magazi a anthu?"

Amene anapeza njira anali Mayi Helen. Atawaumiriza kuti anene chimene chikuwadya, a Msowoya anawafotokozera zonse, kuyambira pa filimu ija. Mayi Helen anamvetsera osawadula.

"Ndikanadziwa ndikanakusiyani m'chipinda mwanu tsiku lija," anatero. "Mudzi wa akazi anuwo dzina lake n'chiyani? Ndilembereni bwinobwino."

Mawa lake anavala chikhoti chawo n'kupita kwa wansembe wa parishi yawo. Wansembeyo anali ndi mnzake wa ku Ireland amene ankatumikira pa mishoni ina m'chigawo chapakati cha Malawi. Uthenga unayenda kudzera kwa ansembe okhaokha. Podikirapo Mayi Helen anaika mpando pafupi ndi foni m'khonde la m'nyumba, chifukwa a Msowoya akaweruka ankangoima pamenepo. Foni ikalira ankalumpha, n'kupeza kuti ndi mwana wa Mayi Helen kapena munthu wolakwitsa nambala.

Yankho linabwera chakumapeto kwa Okutobala. Wansembe wa ku Malawi uja anali atapita pa njinga yamoto mpaka kumudzi kwa Enifa, ndipo anamuona ndi maso ake. Amuna awiri ovala masuti anakamutenga kuntchito mu Ogasiti n'kukamusunga masiku angapo mu ofesi ina yopanda chikwangwani. Atamutulutsa anapeza ntchito yatha, nyumba ya kuchipatala alanda, za pasipoti n'zosakambanso. Mwana anali bwino. Enifa anatumiza mawu ochepa: ali moyo, ndipo zina adzanena yekha.

Wansembeyo anakonza zoti Enifa abwere ku mishoni adzayankhule pa foni ya kumeneko. Zimene anakambirana anandiuza onse awiri, aliyense payekha, ndipo sizinasiyane.

"Mayi a Favour, muli bwanji?"

"Ndilipo. Sewero lanu ndinaonera."

"Samalani, mwina akumvetsera."

"Amvetsere. Palibe chimene sanandifunse kale." Mawu a Enifa anali odekha. "Anandikhazika pampando, anayatsa TV, n'kuimitsa chithunzi pankhope panu. Anati, uyu ukumudziwa? Ndinati ndi mwamuna wanga. Anati, amatumidwa ndi ndani? Akulemberana ndi ndani kuno? Ine ndinalibe choyankha, chifukwa sindinkadziwa n'komwe kuti mwayambiranso kulemba. Iwo ankaona ngati ndikubisa."

"Pepani, mayi a Favour. Ndinkaopa kukuuzani pa foni."

"Kundiuza munkaopa, koma kukwera pa siteji simunaope."



"Sindikunena kuti munanama," anapitiriza Enifa. "Zonse zili m'sewero lija n'zoona. Koma inu muli kumene sangakugwireni. Ine ndi mwana tili kuno. Mukanandifunsa, mwina ndikanavomera. Mwina ndikanayamba ndamupititsa mwana kwa amayi. Munandisankhira."

"Ndichite chiyani tsopano?"

"Palibe. Khalani komweko. Zoti ndidzabwera kapena ayi, sindinaganize."

Mawu omalizawa ndi amene anakhala nawo miyezi yonse yotsatira. Enifa anayamba kuthandiza pa kachipatala ka pa mishoni paja, ndipo ankayankhulana kamodzikamodzi, koma za ulendo sankazitchula. Kuno anthu ena ankawatama a Msowoya, ena ankawazemba. Gulu lina la ku London linawapempha kuti akaonetse sewero lija kumeneko, iwo anakana. Ku mapemphero ankabwerabe, ndipo pempho lawo linali limodzi lomwelo mwezi ndi mwezi, loti tipempherere Enifa ndi mwana.

Mu Juni 1993 Amalawi anavota kuti dziko likhale la zipani zambiri, ndipo posakhalitsa kunalengezedwa kuti amene anali kunja chifukwa cha ndale atha kubwerera. A Msowoya sanakhulupirire msanga. Anadikira kuti amve ngati amene atsogola afika bwino. Mu Seputembala anatenga tchuthi. Ine ndi Justus tinawaperekeza kokwerera basi ya ku bwalo la ndege, ndipo asananyamuke anamupatsa Justus nambala ya wansembe uja.

"Mukaona sabata yatha osamva kanthu, muimbe pamenepa."

Pa bwalo la ndege ku Lilongwe, wa pa kauntala anayang'ana pasipoti yawo nthawi yaitali, anayang'ana nkhope, kenako anadinda n'kuitana wotsatira. A Msowoya anatuluka panja malaya atanyowa. M'basi ya ku Dedza, mayi wina woyembekezera akukwera, mnyamata wina anakuwa kuti mwana wa m'mimbayo aonetse khadi, basi yonse n'kuseka. Anali mawu a m'sewero lawo. Palibe anawazindikira, ndipo iwo anaweramitsa mutu mpaka potsikira.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Favour, amene tsopano anali kamtsikana kothamanga, anabisala kumbuyo kwa mayi ake. Enifa anawalandira chikwama, anawapatsa mpando ndi madzi, n'kukhala pamkeka chapatali pang'ono monga amachitira ndi mlendo. A Msowoya anayamba kufunsa za moyo. Anaona kuti akamayankhula, Enifa akutembenuza mutu kuti khutu lakumanja liloze kwa iwo. Anayesa kuyankhula ali kumanzere kwake, Enifa sanayankhe.

"Khutu ili latani?"

"Silimva."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire mu ofesi muja. Mmodzi wa iwo anali ndi dzanja lolemera."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanatani muli ku England? Mukanangokwera ndege n'kudzagwidwa."

A Msowoya anatsika pampando n'kukhala pansi, pa dothi, ndipo analira pamaso pa apongozi awo ndi ana a m'mudzimo. Enifa anawasiya alire. Kenako anamutuma Favour kuti akawapatse bambo ake moni wa m'manja.

Anakhala kumudziko mwezi wathunthu. Sanapemphe kuti Enifa abwere nawo. Anafolera denga la apongozi, ankatunga madzi pa njinga, ankamuperekeza Enifa ku mishoni m'mawa. Kutatsala pang'ono kuti abwerere, Enifa yekha ndi amene anayambitsa nkhaniyo. Anati pasipoti akaitenga, osati chifukwa choti zonse zatha mumtima, koma chifukwa mwana wayamba kuwazolowera bambo ake ndipo safuna kuti adzayambirenso kuwaiwala.

Mayi ndi mwana anafika mu Epulo 1994. Mayi Helen anawapatsa chipinda chachikulu kufikira atapeza nyumba yawo ku Dudley. Madokotala a kuno analiyeza khutu lija n'kunena kuti linachedwa, palibe chimene angachite. Enifa anayamba ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, kenako mapepala ake a unamwino atavomerezedwa analowa m'chipatala. Favour pasanathe chaka anali atayamba kutiyankha m'Chingerezi cha ku Dudley chimene ngakhale bambo ake chinkawavuta kumva. Mu 1996 kunabadwa mwana wachiwiri, wamwamuna, ndipo anamutcha Fiskani.

A Msowoya anapitiriza ntchito ya mu labu, ndipo anakwezedwa kukhala woyang'anira anzawo. Masewero analembanso awiri kapena atatu, a Khirisimasi ndi a pa ukwati, ndipo lililonse linkayamba lawerengedwa ndi Enifa. Ankati akaliwerenga n'kunena kuti ili ayi, nkhani yatha pomwepo. A Wallace anasamukira ku Leeds. Asanapite anabwera kudzapepesa kwa Enifa, ndipo iye anawaphikira tiyi n'kucheza nawo bwinobwino. A Msowoya anakhala nawo pabalaza koma sanayankhule zambiri.

Chaka chatha, mu 1998, ndinasamukira ku Dudley nanenso, ndipo timakhala misewu yoyandikana. Loweruka m'mawa ndimawaona akupita kumsika, Fiskani ali m'ngolo yake, Favour ali patsogolo. A Msowoya amayenda kudzanja lamanja la Enifa nthawi zonse. Akawoloka msewu n'kupezeka ali kumanzere, amaima, n'kuzungulira kumbuyo kwake, kenako n'kupitiriza zimene amanena.